Nkhosa ya a Heddou Tinadya Tonse

KOMITI YA OFESI YOTHANDIZA OPHUNZIRA A CHIAMAZIGI OCHOKERA KUMAPIRI
Zolembedwa za msonkhano wadzidzidzi

Tsiku: Lachinayi, pa 14 Meyi
Malo: Chipinda cha alangizi, chitseko chokhoma, makatani otseka
Nthawi yoyambira: 2 koloko masana

OPEZEKA
Dr. Bassou Ait Ichou, Wapampando
Mayi Ittou Ouzaid, mlangizi wa ophunzira
Bambo Addi Oumouh, woyang'anira malo ogona
Bambo Nawfal Lamrini, woona za makalasi owonjezera
Mayi Hennou Amrar, mlembi

OSAPEZEKA
Mkulu wa yunivesite, amene anaimbiridwa foni kangapo. Mlembi wawo anati bwana ali ku msonkhano wina wofunika kwambiri, wa mtundu uja umene foni imazimitsidwa.

OPEZEKA KOMA OSATI MAMEMBALA
Yidir Amzil, wophunzira wa chaka chachiwiri, wa ku Agni, amene anali m'kachipinda kosungiramo mabuku, kuseri kwa mpando wa Wapampando.
Bambo Heddou Amzil, bambo ake, woweta nkhosa, amene anakana kulowa ndipo anakhala pa khonde.

1. KUTSEGULIRA

Wapampando anatsegula msonkhano m'dzina la Mulungu. Pemphero lawo, limene masiku onse limatha munthu asanakhazikike bwino pa mpando, lero linatalika mpaka Bambo Addi anatsokomola. Anapempha mamembala kuti aziyankhula motsitsa mawu, ndiponso kuti wina asayandikire zenera. Bambo Nawfal anayandikira zenera, anasuzumira, n'kubwerera pa mpando wawo. Atafunsidwa kuti panja pali anthu angati, anati, "Ambiri."

2. ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WAPITA

Sizinawerengedwe. Mlembi anakumbutsa komiti kuti anazitaipa kawiri chifukwa Wapampando sanakonde mmene maudindo awo anandandalikidwira. Wapampando anati, "Hennou, chonde, lero ayi." Mlembi analola, koma akufuna zidziwike kuti analola.

3. ZIMENE ZATIFIKITSA PANO

Mayi Ittou anapereka lipoti. Anati Lachiwiri madzulo, ku nyumba zogona anyamata, Yidir anakangana ndi wophunzira mnzake, Lhou Bihi wa m'mudzi wa Tasgelt. Mkangano unayambira pa mpopi wa madzi, koma monga aliyense muno akudziwa, a ku Agni ndi a ku Tasgelt akakangana pa mpopi amakhala akukanganira msipu umene agogo awo analimbirana. Yidir anamukankha Lhou. Lhou anagwa chagada n'kumenyetsa mutu pa sitepe ya simenti. Ali kuchipatala ndipo mpaka pano sanatsitsimuke.

Yidir anathawa n'kukabisala mumzinda. Lero masana walowa mu ofesi muno, ndipo mbiri sinachedwe kufika kwa anyamata a ku Tasgelt, amene tsopano adzaza pabwalo, pakati pa khomo lathu ndi geti lalikulu. Ena anyamula ndodo, ena mapaipi. Akuwatsogolera ndi Assou Bihi, mkulu wake wa Lhou, wa chaka chomaliza cha zamalamulo.

Yidir akufuna kudzipereka kwa apolisi. Apolisi ali kunja kwa geti ndi galimoto yawo, koma akuti salowa pokhapokha Mkulu wa yunivesite atawaitana, ndipo za Mkulu wa yunivesite onani pamwambapa. Ofesi ino ili ndi khomo limodzi. Mazenera a kumbuyo ali ndi zitsulo, zimene komiti ino inachita kuzipempha yokha chaka chatha poopa akuba.

Mayi Ittou anati funso ndi limodzi lokha: mwanayu adutsa bwanji pabwalopo wamoyo. Anakumbutsa komiti kuti wokankha ndi wokankhidwa onse ndi ana a ofesi ino, ndipo Assou amene wanyamula paipi panjapo anafika pa khomo lomweli chaka chake choyamba, zovala zili m'thumba la ufa, iwo n'kumupezera pogona.

Wapampando anafunsa chifukwa chimene Yidir wathawira ku ofesi ino osati ku mzikiti. Bambo Addi anati, "Funsani mimba yanu, a Dokotala." Nkhani inapita pa mfundo yachinayi.

4. ZA NKHOSA

Bambo Nawfal anapemphedwa kufotokoza. Anayamba ndi kunena kuti iwo anabadwira ku Rabat, likulu la dziko, ndipo anakulira komweko. Mlembi sanalembe mbali imeneyi yonse chifukwa komiti yaimva kambiri.

Anati m'mawa anafika oyamba, n'kupeza bambo wachikulire wa nduwira atakhala pa khonde, nkhosa yamphongo itaphedwa kale pa khomo penipeni, magazi atayenderera pa masitepe. Mkuluyo anaimirira n'kunena mawu angapo m'Chiamazigi, chinenero chimene Bambo Nawfal akhala akuchiphunzira kwa chaka chathunthu ndipo afika pa "moni" ndi "zikomo". Anasankha "zikomo". Anaganiza kuti ndi kholo lodzathokoza kuti mwana wake wakhoza mayeso. Anamugwira chanza, anaitanitsa ndowa ya madzi n'kutsuka masitepe kuti anzawo asadetse nsapato, kenaka anatumiza nkhosayo kwa ophika a ku kantini. Ena tonse pofika tinapeza khomo loyera kuposa masiku onse ndi mkulu wina atakhala pa khonde. Makolo okhala pa khonde lathu si achilendo, choncho tinangowapatsa moni n'kulowa.

Masana Bambo Nawfal anatiitana kuti pali kaphwando kotsekera makalasi owonjezera. Panali tajini, nyama ya nkhosa yophikidwa mu mphika wadothi ndi anyezi ndi mphesa zouma. Tinadya. Titangosamba m'manja, Bambo Heddou anagogoda, mwana wawo ali pambuyo atadziphimba ndi chisoti cha mkanjo. Anati, "Mwadya. Mwana wanga ali m'manja mwanu." Anamukankhira m'kati, iwo n'kubwerera pa khonde.

Kaamba ka akuluakulu amene adzawerenge zolembedwazi, ndiponso kaamba ka Bambo Nawfal, mlembi akufotokoza kuti chimene Bambo Heddou anachita ndi mwambo wa aar. Munthu wothedwa nzeru amapha chiweto pa khomo la amene akufuna kuti amuteteze. Mwini khomo akaona magazi n'kusiya nyamayo osaikhudza, wakana, ngakhale manyazi amamutsata. Akalandira n'kudya, wavomera, ndipo akamutaya wothawirayo, tsoka limagwera iye ndi ana ake. Ife anayi obadwira kumapiri tinadziwa zimenezi tisanadziwe kulemba maina athu. Tikanaona magazi, palibe akanalawa. Bambo Nawfal anatsuka magaziwo, ndi sopo yemwe.

Bambo Nawfal anati palibe anawauzapo. Bambo Addi anati, "A Nawfal, munthu akupha nkhosa pa masitepe a ofesi, m'mawa wa Lachinayi, kulibe ukwati, kulibe Idi, inu mukuti zikomo?" Bambo Nawfal anayankha kuti kwawo munthu akapatsidwa mphatso safunsa mafunso. Bambo Addi anati nkhuku nayo sifunsa chifukwa chimene aiponyera tirigu alendo akafika. Wapampando analetsa nkhani za nkhuku.

5. NGATI KOMITI INO YAMANGIDWA NDI MWAMBOWU

Wapampando anati komiti ino ndi nthambi ya yunivesite, ndipo m'malamulo ake mulibe ndime ya nkhosa. Anakumbutsa mamembala kuti udokotala wawo anautengera pa miyambo ya kumapiri, ndipo m'mutu wachitatu wa buku lawo anasonyeza kuti mwambo wa aar unatha mphamvu kalekale. Mayi Ittou anafunsa ngati Bambo Heddou anawerenga mutu wachitatuwo. Anafunsanso chifukwa chimene Wapampando, atangomva mawu aja a Bambo Heddou, anathamangira kubafa kukayesa kusanza. Wapampando anati zimenezo si za msonkhano. Mlembi akuvomereza kuti si za msonkhano, koma zinamveka mpaka muno.

Kenaka Wapampando anaimbira foni akazi awo pamaso pa komiti, n'kuwauza kuti ana asakwere njinga lero ndipo asayandikire mbaula. Chifukwa chake sananene.

Bambo Addi anati iwo amadwala nyamakazi ndipo adokotala anawaletsa nyama yofiira, choncho ankangosunsa buledi mu msuzi. Anapempha kuti zilembedwe. Zalembedwa. Mlembi, amene anakhala moyang'anizana nawo pa mbale imodzi, akulembanso kuti buledi wa Bambo Addi ankalowa mu msuzi yekha koma ankatuluka atasenza katundu.

Bambo Addi anapereka maganizo oti mlandu ugawidwe molingana ndi mmene munthu anadyera, ndipo anati aliyense anaona amene anatenga phewa. Wapampando anati phewa limapatsidwa kwa wamkulu, iwo sanalipemphe. Mayi Ittou anati, "Ndiye mwavomera kuti wamkulu ndinu. Hennou, lemba zimenezo, tizifuna."

Mlembi anafunsidwa maganizo ake. Anati iye ali ndi madigiri awiri ndipo sakhulupirira kuti magazi a nkhosa angagwetse mwana wa munthu pa njinga. Anatinso anadya chiwindi, ndipo sakufuna kukhala iye woyesera ngati mwambowu ndi woona.

Pa nthawi imeneyi mwala unagunda chitseko. Panja panamveka mawu a Assou: "Lalla Ittou, ife ndi inu tilibe mlandu. Ngakhale mdala ali pa khondeyu sitikumufuna. Mutulutseni mwana wakeyo basi." Mayi Ittou anayankha ali pomwe anakhala kuti amumva. M'kachipinda ka mabuku munamveka zinthu zikugwa, kenaka kulira kwa munthu amene akuyesetsa kuti asamveke.

Mayi Ittou anati kaya mwambowu uli ndi mphamvu kaya ulibe, iwo sapereka mwana kwa anthu onyamula mapaipi, ngakhale akanakhala kuti masana anadya nyemba. Palibe anatsutsa.

Chigamulo: komiti yavomera kuti yamangidwa. Wapampando anapempha kuti chifukwa chake chilembedwe kuti ndi "udindo wa ofesi". Chalembedwa choncho.

6. NJIRA ZOMUTULUTSIRA

(a) Kudikira mdima. Maganizowa anapereka ndi Wapampando. Bambo Addi anati mdima ukagwa anyamatawo sadzaopanso kudziwika nkhope, ndipo chitseko chathu ndi chomwe chija iwo anachitsegula ndi phewa tsiku lija makiyi anasowa. Anawonjezera, motsitsa mawu, kuti uthenga wa kuchipatala ungathe kufika nthawi iliyonse, ndipo ukafika woipa tidakali muno, panja sipadzakhalanso wokambirana naye. Inakanidwa.

(b) Kuimbiranso Mkulu wa yunivesite. Anaimbiridwa. Onani pamwambapa.

(c) Kumuveka Yidir zovala za mkazi. Maganizowa anapereka ndi Bambo Nawfal, amene anati anamvapo kuti zimatheka. Mayi Ittou anati Yidir amawerama polowa m'kachipinda ka mabuku, ali ndi ndevu, ndipo anyamata a panjawo akhala naye nyumba imodzi zaka ziwiri, amadziwa ndi kayendedwe kake komwe. Anatinso Bambo Heddou sanaphe nkhosa yawo yabwino kuti mwana wawo akatuluke ngati mkwatibwi. Inakanidwa.

(d) Kumuperekeza poyera. Bambo Addi anakumbutsa komiti kuti kwathu munthu amene wathawira pansi pa nsalu ya mayi samenyedwa. Womumenya amakhala wamenya mayi ake omubereka, ndipo kwawo palibe angamuthirirenso tiyi. Anati amayi awiri a m'komiti amufunditse Yidir nsalu, wina mbali iyi wina mbali iyo, n'kutsogola naye, amuna azitsatira pambuyo "kuti aziona bwino mbali zonse".

Mlembi akufuna zilembedwe kuti wakhala m'komiti ino zaka zambiri, ndipo m'zaka zonsezo sanatsogolepo polowa m'chipinda, polandira alendo, ngakhale pa chithunzi chili pakhomachi, pamene akuoneka khutu lokha. Lero, mapaipi ali panja, komiti yakumbukira ulemu wa amayi. Mlembi anathokoza Bambo Addi chifukwa chomukweza pa ntchito.

Mlembi anafunsanso funso limene aliyense ankalizemba: kodi ana a panjawo mwambowu akuudziwa? Agogo awo ankaudziwa. Iwo akhala mumzinda zaka zingapo, ndipo ndife tomwe tawaphunzitsa kuti chilichonse azichifunsa umboni. Wapampando anatsegula pakamwa ngati akufuna kutchula mutu wachitatu, kenaka anatseka. Mayi Ittou anati, "Sindikudziwa, Hennou. Tikadziwira pomwepo."

Yidir anaitanidwa. Anatuluka milomo itatuwa. Mayi Ittou anamufunsa ngati akumvetsa kuti kumene tikumuperekeza si kwawo ayi, ndi m'chitolokosi. Anati akumvetsa. Anafunsa ngati Lhou watsitsimuka, ndipo anauzidwa kuti ayi. Anati, "Sindinafune kuti agwe, Lalla. Ndinangofuna achoke pa mpopi." Mayi Ittou anati zimenezo akauze woweruza, pano amange zingwe za nsapato, chifukwa akapunthwa pabwalo paja palibe adzathe kumudzutsa.

Chigamulo: njira (d). Mayi Ittou anawonjezera kuti Wapampando, pokhala wamkulu monga zalembedwera pa mfundo yachisanu, ayende patsogolo pa onse, manja ali poyera, ndipo Bambo Addi ndi Bambo Nawfal atseke kumbuyo. Wapampando anafunsa ngati nkhaniyi ingavoteredwe. Inavoteredwa, ndipo wotsutsa anali mmodzi. Wapampando anavula magalasi n'kuwasiya pa tebulo kuti asasweke, kenaka anawavalanso, ati kuli bwino kuona.

Mayi Ittou anatulutsa mu kabati nsalu yawo yakuda yopeta, imene amafunda akamapita ku maliro a makolo a ophunzira. Bambo Addi anafunsa ngati palibe ina. Panalibe.

Msonkhano unaima kaye.

7. LIPOTI LA ULENDO WA KU GETI

Msonkhano unayambanso mamembala onse atabwerera. Wapampando anapempha mlembi kuti lipoti apereke ndiye. Mlembi akulemba zimene anaona, zomwe si zambiri, chifukwa maso ake anali pa msana wa jekete la Wapampando.

Chitseko chitatsegulidwa, phokoso lonse linatha. Mlembi akanakonda phokoso. Bambo Heddou anaimirira, anamuyang'ana mwana wawo ali pansi pa nsalu, osamukhudza. Mayi Ittou anawauza kuti asatitsate, chifukwa akatitsata anthu anena kuti a ku Agni abwera kudzamenyana. Anakhalanso pansi.

Tinatsika masitepe, Yidir atawerama kuti akwane, Mayi Ittou kumanja, mlembi kumanzere, nsalu itatiphimba mitu tonse atatu. Anyamata oyambirira anapatuka okha, mwina chifukwa cha mwambo, mwina chifukwa sanayembekezere kuona Dokotala Bassou manja ali m'mwamba, akuti "pepani, pepani" ngati munthu wonyamula mazira mumsika.

A pakati pa bwalo sanapatuke. Fungo la thukuta lawo linkamveka, ndipo nsonga ya ndodo ina inakhudza mlembi pa chigongono, osati momenya, koma mongomudziwitsa kuti ilipo. Mayi Ittou anayamba kuwatchula mmodzimmodzi, aliyense ndi dzina la mayi ake. "Iwe Ichou wa Rqia, ndodoyo ndi ya chiyani? Zaid wa Bezza, mayeso ako ndi Lolemba, ukufuna ukalembere kuti?" Ena anatsitsa ndodo, ena anayang'ana kumbali. Wina, amene mlembi anamuzindikira koma sakumulemba, anaponya mwala kuchokera kumbuyo. Unaphonya Yidir n'kugunda Bambo Nawfal pamwamba pa khutu. Bambo Nawfal anadzandira, anagwira malaya a Bambo Addi, n'kunena kuti, "Tiyeni, musaime." Bambo Addi, amene nyamakazi imawaletsa kukwera masitepe a ku nyumba zogona, anawakoleka pa phewa n'kuyenda nawo osatsimphina ngakhale pang'ono.

Pa geti panali Assou, paipi ili m'manja. Wapampando anaima mphuno yawo itatsala pang'ono kugunda chifuwa chake.

Assou anati, "Lalla Ittou, chotsani nsaluyo."

Mayi Ittou anati, "Ichotse wekha, mwana wanga. Ili pamutu panga."

Assou anati, "Mng'ono wanga sakutsegula maso. Amayi ali pa khonde la chipatala kuyambira dzana, sanadye kanthu. Lhou munamufunditsa nsalu iti?"

Mayi Ittou anagwiritsitsa nsalu ija pamutu pa Yidir.

Assou anakweza paipi. Mlembi anatsinzina, ndipo sakuchita manyazi kulemba zimenezi. Atatsegula maso, paipi inali idakali m'mwamba, misozi ikutsika m'masaya mwa Assou. Anaimenyetsa pa chitsulo cha geti mpaka mano a mlembi anawawa, kenaka anasuntha pang'ono, malo ongokwana munthu mmodzi. Anati, "Mwasankha. Kuyambira lero wa ku Tasgelt sadzapondanso pa khomo lanu."

Wapampando anatsegula kageti ka oyenda pansi. Yidir anatuluka pansi pa nsalu n'kupereka manja kwa apolisi asanamupemphe. Galimoto inanyamuka. Pobwerera palibe anatikhudza, ndipo palibe anatipatsa moni.

8. ZOTSATIRA

Wapampando anati komiti yagwira ntchito yake. Mayi Ittou anati yagwira theka. Anakumbutsa komiti kuti ophunzira a ku Tasgelt ndi ochuluka kuposa a mudzi wina uliwonse, kuti mayeso ayamba Lolemba, ndipo kuti ena a iwo, makamaka a chaka choyamba amene Chifalansa cha m'kalasi chikuwavutabe, alibe kwina kopita kupatula muno.

Anatinso Assou sananame. Chivulazikireni Lhou, palibe wa ofesi ino amene wapita kukamuona, chifukwa aliyense ankaopa kuoneka ngati watenga mbali. Anati lero taoneka bwinobwino, pamaso pa bwalo lonse. Wapampando anati komiti ikhoza kupita mawa mitima itazizira. Mayi Ittou anafunsa ngati mawa Lhou adzakhalapo, ndipo akutsimikizira ndani. Bambo Addi anafunsa kuti achibale a Lhou akatilandira bwanji, popeza pofika pano amva kale amene tamufunditsa nsalu. Mafunso onse awiri sanayankhidwe, ndipo chigamulo sichinapangidwe.

9. ZINA NDI ZINA

(a) Bambo Nawfal anapempha bandeji. M'bokosi la mankhwala munapezeka thonje ndi lumo. Anamangidwa ndi taye yawo. Anapempha kuti wina awaphunzitse mawu ena a Chiamazigi. Bambo Addi anati aziwaphunzitsa okha Lachisanu lililonse, ndipo adzayamba ndi mawu oti "mukufuna chiyani".

(b) Foni inalira. Anali mlembi wa Mkulu wa yunivesite, kufunsa ngati kuli vuto. Wapampando anati kulibe.

(c) Bambo Heddou anagogoda n'kuima pa khomo. Kulowa anakana. Wapampando anawauza kuti mwana wawo ali m'manja mwa apolisi, n'kuyamba kufotokoza za maloya ndi za makhoti. Bambo Heddou anawadula pakamwa.

"Ali moyo?"

"Ali moyo, Dda Heddou."

"Ndiye ine ndi inu tathana."

Kenaka anafunsa njira ya kuchipatala. Anati mwana wawo wavulaza mwana wa eni ake, ndipo iwo akufuna akakhale pansi pomwe akhala mayi ake a mwanayo, mpaka awathamangitse kapena awapatse madzi akumwa. Bambo Addi anawauza kuti kumeneko kuli amalume ake a Lhou ndi asuweni ake, amene afika dzulo pa lole, ndipo amenewo si ana a sukulu oti Mayi Ittou angawatchule maina. Bambo Heddou anati akudziwa. Iwo angofunsa njira.

Wapampando anafunsa ngati pali membala amene angawaperekeze. Anakumbutsa komiti kuti mwini nkhosa watimasula ndi pakamwa pake, choncho palibe wokakamizidwa. Mlembi anayang'ana pepala lake mwachidwi chachikulu.

Bambo Nawfal anatulutsa makiyi a galimoto yawo n'kuwaika pa tebulo. Anati njira akuidziwa, koma akuona zinthu ziwiriziwiri, choncho pakufunika wina woyendetsa. Bambo Addi anatenga makiyiwo akung'ung'udza kuti munthu wa ku Rabat akawapha ndi ulemu wake. Mayi Ittou anapinda nsalu yawo n'kuibweza mu kabati. Atafunsidwa chifukwa chimene akuisiyira, anati sangafike nayo nsalu ya maliro pamaso pa mayi amene mwana wake akupumabe. Mlembi anafunsa kuti ndiye tikadziphimba ndi chiyani. Mayi Ittou anati palibe.

Wapampando anati m'galimotomo mumakwana anthu asanu, ndipo tilipo asanu ndi mmodzi. Mlembi, amene ankawerengera pa masamu omwewo, anakhumudwa kumva Wapampando akupitiriza kuti iwo ndi ochepa thupi, apanikizana.

10. TSIKU LA MSONKHANO WOTSATIRA

Lolemba, pa 18 Meyi, 9 koloko m'mawa, m'chipinda chomwechino, Mulungu akalola. Bambo Addi anapempha kuti mawu awiri otsirizawo asachotsedwe potaipa.

11. KUTSEKA

Wapampando anatseka msonkhano nthawi itangopitirira 5 koloko madzulo. Mwa chizolowezi chathu, zolembedwa zimasainidwa pa msonkhano wotsatira, zitataipidwa ndi kukonzedwa. Wapampando anapempha kuti izi zisainidwe pompano, pa pepala la pamanja lomweli, tisananyamuke, ndipo zisiyidwe pa tebulo pamene wina angazione. Mlembi sanafunse chifukwa.

Dr. Bassou Ait Ichou
Wapampando

Hennou Amrar
Mlembi